Funditsa Kaye, Kenako Ukasanze

Make Dona anali atachapa nsalu ziwiri zapabedi, yachitatu ili m'manja, pamene geti linalira. Sanatembenuke. Lachinayi m'mawa amene amalowa pageti ndi wowerenga mita yamadzi kapena olalikira, ndipo onsewo amadziwa kudikira. Koma mapazi awa anazungulira nyumba mpaka kumpopi, n'kudzaima kumbuyo kwake osapereka ndi moni womwe.

Anali Dona, mwana wake mmodzi yekhayo, amene pa ola limenelo amayenera kukhala ali kusukulu ya anamwino, ulendo wa maola anayi pabasi, atavala zoyera mbee. Dzanja lina ananyamula sutikesi, lina ndowa. M'ndowamo munali simbi, mabuku ndi nsapato zoyera zija anazisaka tauni yonse chaka chatha.

Mayiyo anayang'ana ndowa nthawi yaitali kuposa mwana. Munthu wobwera kudzaona makolo sanyamula ndowa.

"Sukulu yapsa?"

"Ayi."

"Ndiye odwala achira onse."

"Amayi, ndatopa. Ndilowe kaye."

"Lowani a nesi, lowani. Ife kuno kutopa timangokumvera kwa anzathu."

Dona sanalowe. Anatula ndowa, n'kupisa m'thumba, n'kutulutsa kalata yopindapinda yooneka kuti yawerengedwa njira yonse. Make Dona anaponya nsalu ija m'beseni, n'kupukuta manja pasiketi.

Kalatayo inali yaifupi, monga zimakhalira nkhani zoipa zikachokera kwa anthu ophunzira. Inati wophunzirayu walephera kawiri mayeso osambitsa wodwala ali pabedi. Koyamba anachita chizungulire n'kukhala pansi. Kachiwiri anathawa, kusiya wodwala ali chosavala. Wapatsidwa mwayi womaliza Lolemba nthawi ya 8 koloko m'mawa. Akapanda kufika, kapena akalepheranso, dzina lake lichotsedwa m'kaundula.

"Lolemba. Ndiye ndowayi yabwera kudzatani? Yapukwa?"

"Sindibwererako."

"Chabwino," anatero mayiyo, ngati wauzidwa kuti kunja kuli mitambo. "Tiye kukhitchini, aneba asamve ulere."

Asanakoke n'komwe mipando, mawu anachokera kuchipinda cha kumapeto kwa khonde, mawu oti galasi lapawindo limanjenjemera nawo.

"Alamu! Ameneyo ndi Dona, kapena ndayamba kumva za kumwamba?"

"Ndi yemweyo, alamu. Gonani."

"Ndigone? Nanga pano ndikuvina?"

Amenewo anali azakhali ake a Dona, alongo awo a bambo ake. Kale ankagulitsa matikiti kudepoti ya basi, ndipo mawu awo anakulira kumeneko, polimbana ndi mainjini. Sitiroko inawalanda dzanja ndi mwendo wakumanja, koma lilime inalisiya, mwina inaliopa. Bambo ake a Dona, oyendetsa galimoto zonyamula katundu kupita maiko akutali, anabwera nawo pakhomo kuti akhale milungu iwiri yokha. Milungu iwiriyo inali itakwanitsa zaka zisanu. Bamboyo mlongo wawo amamukonda kwambiri. Lamulungu lililonse amaimba foni kufunsa ngati wasamba, ndipo akamva kuti wasamba amapumira m'mwamba ngati amusambitsa okha.

"Fotokoza," anatero Make Dona atakhala.

Dona anayamba ndi mbali yabwino, monga amachitira aliyense wolakwa. "Pachidole ndinali woyamba kalasi yonse."

"Chidole?"

"Kusukulu kuli chidole chachikulu ngati munthu. Timaphunzirira pamenepo kusambitsa, kutembenuza, kusintha nsalu chili chigonere."

"Chimadya chidolecho?"

"Ayi."

"Ndiye kuchimbudzi sichipita."

"Amayi."

"Ndikungofunsa. Chimatukwana? Ukachitembenuza chimakukoka tsitsi? Chimakuuza kuti amuna ako akanakwatira wina? Ayi, chidole choterocho nanenso ndikuchifuna. Uwauze tisinthane, changa chili kuchipindako."

"Ndikumvatu," anatero mawu a kudepoti.

Dona anatsitsa mawu. Anati dzana anamutengera kuwodi ya amayi, kubedi la pakona, kumene kunagona mayi wina wokalamba wosatha kudzitembenuza. Asisita, amene amawaphunzitsa ndi kuwayesa, anaima chapafupi ndi pepala ndi wotchi. Dona anachita zonse mwandondomeko. Anasamba m'manja, anapereka moni, anakoka katani, anayesa madzi ndi chigongono. Kenako anavundukula bulangete.

"Anali atadziipitsira."

"Odwala amatero. Sizinayambe ndi iyeyo."

"Ndinangozindikira ndili panja, ndikusanza pamaluwa. Pothawa katani ija ndinaisiya yotsegula. Wodi yonse inaona, ndi alendo omwe. Pobwerera ndinapeza asisita atamufunditsa okha, mayiyo akulira."

Apa Make Dona sanapeze choseka. Anaona mayi wosamudziwayo, wa msinkhu woti ana ake ali ndi ana, ali pambalambanda, dzanja losatha kufikira bulangete. Anapukuta tebulo limene linali lopukuta kale.

"Anzako anawapatsanso otere?"

"Anzanga anawapatsa othyoka miyendo, anthu oti ukati tembenukani amatembenuka okha n'kukuthokoza. Ine anandisankhira dala, kawiri konse. Asisita anati, 'Uyu timupatse wovuta, ndi katswiri, wasamala azakhali ake zaka zinayi.'" Dona anadzutsa mutu. "Anawauza ndani zimenezo, amayi?"

"Unawauza ndiwe."

"Anandiuza ndani kuti ndikawauze?"

Mwana wotereyu ndiye vuto lake. Umamutumiza kusukulu kuti akaphunzire kuyankha mafunso, iye amabwerako akufunsa.

Nkhani yake inali yotere. Chaka chatha Dona ataitanidwa kukafunsidwa mafunso olowera kusukuluko, kunamveka kuti atsikana mazanamazana akulimbirana malo ochepa, ndipo onse amayankha chimodzimodzi: "Ndimakonda kuthandiza anthu." Make Dona anati mwana wake sakanena zozizira zimenezo. Anamukhazika pampando womwewu masiku atatu, iye akusita, n'kumuloweza moyo wake wonse. Mmene umapindira nsalu yakuda mpaka pamsana pa wodwala, n'kumugubuduza kuti adumphe kaphiri ka nsaluko. Mmene umayambira kumaso n'kutsirizira kumunsi. Mmene madzi amazizirira msanga ukamacheza. Dona, mutu wake wogwira ngati ulimbo, anakanena zonsezo ngati zake, mpaka mmodzi wa ofunsawo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Silinali bodza lenileni, Make Dona ankadziuza choncho. Ntchitoyo inkachitikadi, m'nyumba yomweyo, ndi manja a m'banja lomwelo. Chinangosintha ndi mwini manja.

Zoona zake zinali zoti Dona sanagwirepo azakhali akewo ngakhale chala. Chibwerereni wodwalayo, chitseko cha chipinda chija chinkatsekedwa nthawi ya ntchito, ndipo mwana akangosuzumira ankamva mawu amodzi omwewo: "Iwe werenga." Anawerenga. Nsalu zinkachapidwa iye akuwerenga, kabeseni kodzithandiziramo kankamudutsa pakhonde katavundikiridwa iye akuwerenga. Dzina loti Dona anamupatsa ndi azakhaliwo, chifukwa ankangoima pakhomo ndi buku kupereka moni wa patali ngati mkazi wa bwana woyendera antchito. Mayi ake anamuteteza ku fungo zaka zonsezo kuti adzakhale namwino. Nzeru zimenezo anazipeka yekha, palibe anamuthandiza.

"Nanga zinazo unakhoza?" anafunsa, pofuna kuchoka pamalo poterera.

"Zolemba zonse. Mbiri ya unamwino ndinapeza 94."

"Mbiri. Tandiuza, nane ndidziwe kumene ntchito yangayi inachokera. Mwina kuli woti ndikamudandaulire."

Dona anadziwa kuti akumuseka, koma munthu wa 94 sakana kufunsidwa. Anawongola msana n'kuyamba ndi mawu a m'kalasi.

"Poyamba odwala ankasamalidwa m'nyumba, ndi akazi a m'banjamo, opanda maphunziro aliwonse."

"Poyamba? Zinatha liti? Ine sanandiuze."

"Kenako akazi odzipereka a m'mipingo anayamba kusamala odwala m'nyumba zapadera. Kenako kunagwa nkhondo ina kutali uko, asilikali akufa ndi matenda a uve kuposa zipolopolo. Ndiye mayi wina wa kubanja lolemera anapitako ndi gulu la akazi. Ankayendera odwala atanyamula nyali. Atabwerako anatsegula sukulu yoti atsikana aziphunzira ntchitoyi mwadongosolo."

"Ankawachiza ndi nyaliyo?"

"Ayi. Ankakolopa, kuchapa nsalu, kutsegula mawindo, kutaya zonyansa."

"Ndiye m'buku mwakomo anamujambula atanyamula chiyani?"

"Nyali."

"Eya. Ndowa sikoma pachithunzi." Make Dona anagwedeza mutu. "Wolemera akakolopa amalowa m'buku, ana n'kumapeza naye 94. Koma ndamukonda mayi ameneyo. Sanathawire pamaluwa."

Dona anayamba kulira, kulira kwa mwakachetechete kwa munthu wofuna kuti umuone. Mayi ake anamusiya alire pang'ono, chifukwa misozi nayo imafuna potulukira, kenako anaimirira.

"Sindikukakamiza kubwerera. Ndiwe wamkulu, uli ndi ndowa yakoyako. Koma umve. Unkawerenga kuti uchoke pano. Wabwerera, ndiye kuwerenga kwatha. Wotsala pakhomo pano ntchito yake ndi iyo." Analoza kumapeto kwa khonde. "Ndi yomwe wathawayo, kungoti kuno kulibe yunifomu, sitiweruka, kulibe wobwera kudzakulandira madzulo, ndipo pomaliza sapereka pepala. Msana wanga wapuma pantchito lero. Yatsa ketulo, nthawi yosamba yakwana."

"Amayi, sindingathe."

"Nane ndinatero. Palibe anandilembera kalata."

Chipinda cha azakhali chinali chaching'ono. Bedi linakokedwa pang'ono kuchoka kukhoma kuti munthu azitha kuzungulira. Panali mpando umodzi, wailesi, ndi shelefu ya sopo, mafuta odzola, paudala ndi botolo la sipiriti. Windo linali lotsegula chilimwe ndi chisanu chomwe, koma fungo la chipinda cha wodwala silituluka lonse, limasiya mng'ono wake. Dona analowa ndi beseni, atavala magolovesi ochokera m'sutikesi yake, akupuma modukiza. Make Dona anakhala pampando n'kupinda manja. Chipindacho anali asanachionepo ali chikhalire. Kudenga kunali kangaude.

Azakhali anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndi diso limene kale linkagwira okwera basi opanda tikiti.

"Tilandire alendo. Njira ya chipinda chino mwaifunsa kwa ndani?"

"Mwadzuka bwanji, azakhali?"

"Sindinadzuke, mwanawe, chaka chachisanu chino. Ndamva zonse, makoma a nyumba ino ndi a pepala. Ndiye iwe ndi amene wandisamala zaka zinayi? Zikomo kwambiri. Manja ako ndi ofewa zedi, sindinkawamva n'komwe."

Dona anaika beseni pambali pa bedi, n'kuima mowongoka monga anamuphunzitsira.

"Ine ndine wophunzira za unamwino. Ndabwera kudzakusambitsani ndi kusintha nsalu zanu. Mukuvomera?"

"Ndikakana upita?"

"Alamu, vomerani," anatero Make Dona. "Kumeneko amayamba apempha."

"Zaka zisanu inu simunandipemphepo."

"Ndinkaopa kuti muyankha."

Kumaso kunayenda bwino. Dona anapukuta maso kuyambira mkati kupita kunja, diso lililonse ndi ngodya yakeyake ya kansalu, ndipo mayi ake anaona zimenezo. Anasambitsa khosi, m'khwapa, dzanja lamoyo, kenako lakufa lija, limene analinyamula ngati dzira. Anafunditsa kumtunda n'kupita kumunsi.

"Wafika pa nthawi yake," anatero azakhali. "Ndakukonzera mayeso. Sindinachite dala, koma sindikupepesanso."

Dona anavundukula bulangete. Anaima. Mapewa ake anakwera, pakhosi panagunda, ndipo mapazi anatembenuka okha kuloza kukhomo. Anapeza mayi ake, a msana wopuma pantchito aja, ataima kale pakhomopo.

"Funditsa kaye."

"Amayi, ndisanza."

"Usanza, pakhosi ndi pako, palibe akukuletsa. Koma funditsa kaye munthu. Umuuze kuti ukubwera. Kenako ukasanze."

Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, masaya atatupa, n'kukoka bulangete mpaka pachifuwa cha azakhali ake. "Ndikubwera," anatero ndi mano olumana.

"Ndidikira. Ndilibe ulendo lero."

Make Dona anapatuka. Anamva mapazi pakhonde, chitseko chakuseri, kenako phokoso lake kungalande. Azimayi awiriwo anayang'anizana.

"Abwerera?" anafunsa azakhali. Aka kanali koyamba m'mawa umenewo kulankhula motsitsa.

"Geti silinalire."

Madzi a pampopi anathamanga kanthawi. Dona analowa maso ali psuu, kutsogolo kwa bulauzi kutanyowa, akuvala magolovesi ena.

"Wataya mphindi zitatu," anatero mayi ake pobwerera pampando. "Madzi azizira, uwonjezere otentha. Ine ndinasanza miyezi itatu yathunthu. Unkamva ndikutsegula mpopi kwambiri uja, iwe ukuwerenga, unkayesa ndikutsuka chiyani?"

"Simunanenepo."

"Ndikananena ukanapeza 94?"

"Tsiku lina anandisanzira pamwendo," anatero azakhali. "Mwayi unali wakufawu."

"Kumenya kapena kusanza, alamu, ndinasankha chaulemu. Iwe, puma ndi kukamwa, ndipo uzilankhula naye. Pakamwa pakamalankhula sipasanza. Mufunse chilichonse. Awa ukawafunsa za mabasi safuna yankho lako mpaka mawa."

Dona anavundukulanso. Pakhosi panagundanso, koma anafunsa kuti basi yoyamba inkanyamuka nthawi yanji masiku amenewo. Azakhali anayamba. Ananena za basi yoyamba, ya chiwiri, za dalaivala wina amene anawafunsira katatu n'kumukana katatu chifukwa cha mano ake, za munthu amene anafuna kukweza mbuzi ponena kuti ndi mwana wosakwana zaka zolipira. Pamene nkhani inkafika pa mbuzi, zonyansa zinali zitakulungidwa, madzi atasinthidwa, ndipo Dona anali atapinda bondo lamoyo la azakhali, dzanja lina paphewa lina pachiuno, n'kuwagubuduzira kwa iye. Ankachedwa. Kawiri konse anaima n'kuyang'ana kuwindo, kupuma, n'kupitiriza. Koma nsalu yoyera inalowa, kaphiri kaja kanadumphidwa, ndipo ngodya za bedi anazipinda mosalala moti Make Dona anaziyang'ana ndi kaduka. Chidole chija sichinapite pachabe.

Kunatsala mapazi.

"Apa ndisiyire," anatero Make Dona, akutenga botolo la sipiriti pashelefu. "Apa ndi pa akuluakulu. Uone, mwina ukawaphunzitse asisita ako."

Ananyamula phazi lakufa lija. Pachidendene panali malo oderako, aakulu ngati chitsekerero cha botolo. Anathira sipiriti pachikhatho n'kuyamba kutikita ndi chala chachikulu, mwamphamvu, ngati wochotsa dzimbiri pampoto.

"Mukutani?" anafunsa Dona.

"Ndikuyendetsa magazi."

"Siyani."

Mayiyo anapitiriza, chifukwa m'nyumba imeneyo mawu amenewo sachokera kwa ana. Dona anamugwira pamkono. Kugwira kwake sikunali kwa munthu wopempha.

"Amayi, ndati siyani. Zayamba liti?"

"Milungu iwiri. Pakamaderapo ndimawonjezera mphamvu."

"Ndiye mukuchita kupang'amba mkati." Dona anagwada, n'kunyamula phazi lamoyo. Anadina chidendene ndi chala. Panayera, kenako mtundu unabwerera. Anadina chakufa chija, pamalo oderawo. Sipanasinthe. "Mwaona? Apa magazi akuyenda. Apa ayi. Mnofu waphwanyika kale pansi pa khungu chifukwa chotsamira pamatiresi. Mukatikita mumauphwanyiratu, ndipo sipiriti imaumitsa khungu kuti ling'ambike msanga. Likang'ambika ndi chilonda, ndipo chilonda cha pachidendene chimatha kulowa mpaka pafupa. Azakhali, apa mukumva kuwawa?"

"Kumeneko ndinasamukako kalekale, mwanawe. Angathe kudulako n'kukagulitsa, ndidzamva kwa anthu."

"Anakuuzani ndani zotikita, amayi?"

Anamuuza ndani. Maphunziro onse a unamwino a Make Dona anatenga mphindi zisanu, pakhonde la chipatala, tsiku limene ankatulutsa alamu ake. Mphunzitsi wake anali mayi wina wodikirira wodwala pabedi loyandikana nalo, amene naye anamva kwa wina. Muziwatembenuza, muziwaumitsa, pakada muzitikita ndi sipiriti. Ziwiri zoyambazo zinawasunga alamu ake zaka zisanu popanda chilonda ngakhale chimodzi, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa mmene ena amanyadira nyumba ya malata. Chachitatucho sichinafunike mpaka milungu iwiri yapitayo. Ndiye chilonda choyamba amachikumba yekha, m'mawa uliwonse, mwakhama, osadumphitsa tsiku.

Anabweza botolo pashelefu n'kulitembenuza kuti chizindikiro chake chiyang'ane kukhoma.

Dona sanadikire yankho. Anatuluka, n'kubwera ndi mapilo awiri a pabedi pa mayi ake, osapempha. Anawaika pansi pa akatumba a miyendo ya azakhali kuti zidendene zilendewere m'malere osakhudza kanthu. Anayang'ana chidendene chinacho, akakolo, m'chiuno, m'zigongono, kuseri kwa makutu komwe. Kenako anang'amba pepala m'kope lake la mbiri ya unamwino, n'kulemba maola motsetsereka, n'kulimata kukhoma ndi pulasitala.

"Maola awiri aliwonse tiziwatembenuza, n'kuchonga apa. Osati mukakumbukira."

"Ndimawatembenuza."

"Kangati?"

"Ndikakumbukira."

"Mwagwidwa opanda tikiti, alamu," anatero azakhali mosangalala. "Tsikani."

Make Dona anali ndi mayankho atatu okonzeka, onse akuthwa, koma maso ake anali pachidendene chija. Limene linatuluka linali funso.

"Pachira?"

"Khungu silinang'ambike, ndiye pakhoza kubwerera. Koma pakang'ambika sindikudziwa choikapo, za mabala tiyamba mwezi wamawa." Dona ankavula magolovesi, chala chimodzichimodzi. "Ndijambula ndi foni. Ndikawaonetsa asisita Lolemba."

"Lolemba lake liti?" anatero azakhali. "Si iwe amene umati..."

"Alamu, tsekani pakamwa, mungalowe ntchentche."

Dona anachita ngati sanamve. Anasonkhanitsa nsalu zakuda m'manja mwake, nkhope ataipotoza koma osazitaya.

"Madzulo ndiwasambitsanso. Mawa kawiri, Loweruka kawiri. Inu muzikhala apo ndi wotchi, asisita amapereka mphindi makumi atatu. Lero ndatenga ola."

"Zaka zisanu ndikusamba kamodzi patsiku, lero mwaganiza zondisulutsa," anadandaula azakhali. "Bwanji osabwereka chidole chija?"

"Chidole sichinunkha, azakhali."

"Mwamva, alamu? Ndapeza ntchito. Muwauze achimwene anu aja akaimba foni kuti ndine mphunzitsi wa anamwino."

"Ndi achimwene anu, osati anga. Ine ndinangowatola."

Pakhomo Dona anaima, mtolo wa nsalu uli m'manja.

"Ndikasanzanso Lolemba?"

"Ukasanza. Ufunditse, ukoke katani, unene kuti ukubwera, ndipo ubwere. Akakuchotsa chifukwa cha zimenezo ndiye kuti asisita akowo sanagwirepo munthu."

"Ndipo ndikawauza kuti si zaka zinayi."

"Ukawauze zingati?"

"Masiku anayi."

Mayiyo anaganiza pang'ono. Choipa chitsata mwini, ndipo mwini wake wa ichi ankamudziwa bwino.

"Ukawauze kuti anapeka ndi amayi ako, mayi wosaphunzira wa m'mutu woyamba wa buku lawo lija. Koma ukawauze atalemba kale malikisi, osati asanalembe. Chilungamo nacho chili ndi nthawi yake."

Anatuluka kupita kumpopi. Madzi a m'beseni anali atazizira, thovu litaphwa, nsalu yachitatu ija itamira pansi ngati yakwiya. Anapinda manja a bulauzi n'kuivuula. Dona anafika n'kutula mtolo wake pambali pa beseni, nsalu ina yapabedi, zopukutira ziwiri ndi malaya ogonera.

"Izi ndani achape?"

"Ine ndikukawerenga za zilonda," anatero Dona, n'kulowa m'nyumba.

Make Dona anauyang'ana mtolowo. Madzulo kubwera wina, mawa iwiri. Anapaka sopo pansalu n'kuyamba kufikisa. Asanafike ndi pakati pomwe, mutu wa Dona unatulukira pawindo.

"Amayi, 12 koloko titembenuze. Musachoke."

"Ndamva, asisita," anatero, osadzutsa mutu, n'kuviikanso nsalu ija m'madzi.